Mlimi wa Letesi Adziwe Kukoma kwa Letesi Wake

Kwathu kuno munthu angadye mpunga ndi nkhuku, kapena mbatata yodzaza mbale, koma madzulo n'kunena mosanama kuti lero sanadye, cifukwa nsima sinadutse pakhosi. Masamba timawayesa ndiwo cabe, operekeza mbamu, ndipo masamba osaphika ambiri a ife timati ndi a akalulu ndi mbuzi. Komabe m'madimba mwathu muli letesi. Timamufesa, timamuokera, timamuthirira m'mawa ndi madzulo, kenaka timamutumiza ku mahotela ndi ku malo ogona alendo, osamulawako monga momwe wogula amamudyera. Ife tikuona kuti pamenepa pali cosowa. Maganizo athu ndi akuti banja lililonse lolima letesi liphunzire kukonza saladi ya Caesar, ndipo nthawi zina liziidya monga cakudya ceniceni ca masana.

Dzinali lisatisokoneze. Caesar ameneyu si Kaisara wa ku Roma amene timamva m'Malemba. Anali Caesar Cardini, munthu wa ku Italy amene anali ndi nyumba yodyera mu mzinda wa Tijuana, ku Mexico, pafupi ndi malire a dziko la United States. M'zaka zimenezo malamulo a ku United States ankaletsa kugulitsa mowa, motero anthu ambiri ankaoloka malire kukadya ndi kumwa ku Tijuana. Mwana wake wamkazi, Rosa, anafotokoza kuti pa 4 Julayi 1924 alendo anaculuka mpaka zakudya zinayamba kutha m'khichini. Atate ake anasonkhanitsa zimene zinatsala: letesi wa masamba ataliatali wochedwa romaine, mazira, tizidutswa ta buledi tokazinga, adyo, mafuta a olivi, madzi a mandimu, chizi ca Parmesan ndi msuzi wa m'botolo wa Worcestershire. Anazisakaniza pa tebulo, alendo akuona. Odya ake oyamba anali anthu andalama ndithu, koma nzeru yake ndi ya mayi aliyense amene alendo amufikira modzidzimutsa: ona cimene cili m'nyumba, ucikonze bwino.

Wina adzati cakudya cimeneci n'cacilendo. Zoonadi, koma tikumbukire kumene cimanga cinacokera. Kwawo kwa cimanga ndi ku Mexico komweko, ndipo cinafika mu Afirika m'zombo pambuyo pa caka ca 1500. Cisanafike, makolo athu ankaphika nsima ya mapira ndi mawere. Matimati, nshawa ndi mbatata nazo zinacokera kutsidya komweko kwa nyanja. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Ngati cimanga cinakhala cathu cifukwa coti tinacilima ndi kucidya, letesi naye sangakhale mlendo mpaka kale m'dimba limene timalima ndi manja athu.

Funso lalikulu ndi lakuti, kodi masamba angakhutitse munthu wamkulu? Tiyankhe mosabisa. Letesi payekha sangathe, pakuti pa magalamu 100 alionse a letesi, pafupifupi magalamu 95 ndi madzi. Mphamvu ya saladi ya Caesar ili mu zimene zimaperekeza masambawo. Buledi amacita nchito imene nsima imacita. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ili ndi makalori pafupifupi 120. Dzira limodzi limapatsa thupi magalamu pafupifupi 6 a zomanga thupi. Kapenta, popeza timamudya ndi minga yake, amalimbitsa mafupa. Masamba obiriwira a romaine ali ndi zimene thupi limasandutsa vitamini A, ndipo zimenezi zimalowa bwino m'thupi zikadyedwa pamodzi ndi mafuta. Alinso ndi folate, amene amayi oyembekezera amamufuna kwambiri, ndipo folate amaonongeka masamba akabwata nthawi yaitali pamoto. Mandimu nawo amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba. Apa mbale yasanduka mozondoka: masamba ndiwo aculuka, ndipo cokhutitsa caperekeza. Koma magulu a zakudya amene timaphunzira m'kalasi alimo. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Zambia ndi opinimbira. Kupinimbira kumeneku kumapezeka ngakhale m'mabanja amene nkhokwe zawo n'zodzaza, cifukwa mimba imakhuta nsima pamene dzira, mafuta, nsomba ndi masamba zapita ku msika.

Chizi ca Parmesan ndi mafuta a olivi n'zodula, ndipo sitikulangiza mlimi aliyense kugulitsa mbuzi kuti akazigule. Zimene zimacita nchito yomweyo tili nazo. M'malo mwa mafuta a olivi pali mafuta a mpendadzuwa, amene ambiri kuno kum'mawa timayenga tokha. Kakomedwe ka mcere ndi nsomba, kamene ophika ambiri masiku ano amakapeza mu tinsomba ta anchovy, ife tingakapeze mu kapenta wa ku Mpulungu kapena wa ku Siavonga. Nshawa zokazinga ndi kuphwanyaphwanya zingalowe m'malo mwa chizi.

Pokonzera anthu anayi, tengani mitu iwiri ikuluikulu ya letesi. Patulani masamba, muwatsuke limodzilimodzi m'madzi otetezedwa, ndipo muwayanike pa nsalu yoyera mpaka madzi onse atatha. Tsamba lonyowa limakana mafuta, ndipo msuzi wonse umathera pansi pa mbale. Dulani theka la buledi wadzulo m'tizidutswa tonga nsonga ya cala cacikulu, mutikazinge m'ciwaya ndi masupuni awiri a mafuta ndi adyo pang'ono mpaka titafiira ndi kuuma. Kazingani kapenta wodzaza dzanja limodzi popanda mafuta, mumusinje mu mtondo akhale ufa. Wiritsani mazira asanu ndi limodzi mpaka atalimba. Tengani cikasu ca mkati mwa mazira awiri, mucinyenye m'mbale pamodzi ndi adyo wosinja, ufa wa kapenta uja, madzi a mandimu awiri, mcere ndi tsabola pang'ono. Kenaka thirani masupuni asanu ndi limodzi a mafuta pang'onopang'ono, mukutakasa mosalekeza ndi foloko, kufikira msuziwo utagwirana ngati phala lamadzi. Anthu atakhala kale pansi, ng'ambani masamba ndi manja, thirani msuzi, sakanizani, ndipo pamwamba muike buledi uja, mazira otsala odulidwa pakati ndi nshawa. Musasakanize nthawi isanakwane, pakuti mcere ndi mandimu zimafoola masamba m'kanthawi kocepa. Ngati pali nyama ya nkhuku yotsala, nyemba zophika kapena mbatata yowiritsa, onjezani, ndipo palibe amene adzanyamuke ndi njala.

Tivomereze malire ake. Munthu amene akupita kukakumba maenje a Gamphani tsiku lonse, kapena kukasenza matumba, amafuna mphamvu zambiri, ndipo nsima ili ndi malo ake amene sitikufuna kuilanda. Koma si tsiku lililonse la khasu. Pali Lamulungu titacoka ku mapemphero, pali tsiku la msika, pali masana otentha pamene palibe wofuna kukhala pa mbaula. Pa masiku otere mbale iyi imakwana, ndipo makala amene imafuna ndi owiritsira mazira ndi kukazingira buledi basi. Cilala ca mu 2024, cimene boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse mu Febuluwale caka cimeneco, cinatikumbutsa kuti banja limene limadziwa njira imodzi yokha yokhutira limavutika msanga cimanga cikakana.

Cifukwa caciwiri ndi ca msika. Wophika wa ku hotela ku Chipata, kapena wa ku malo ogona alendo ku Mfuwe, pafupi ndi nkhalango ya South Luangwa, akabweza letesi, mlimi amene sanamudyepo amangoona ngati wanyozedwa. Amene anakonzapo saladi amamvetsa. Amadziwa kuti wophikayo amafuna msana wa tsamba wothyoka ndi kaphokoso, n'cifukwa cake amafunsa romaine, amene ena amamucha cos, osati letesi wofewa. Amadziwa kuti kamcenga kamodzi kakalira pa dzino, mbale yonse yaonongeka. Amadziwa kuwawa kwa letesi amene wayamba kutulutsa phesi la maluwa, pamene utomoni wake woyera ngati mkaka waculuka. Lilime likaphunzira, manja amasintha m'dimba. Letesi amakonda nyengo yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo kutentha kwa Okutobala kumamuthamangitsira ku maluwa. Motero mlimi wotere amafesa pang'onopang'ono milungu iwiri iliyonse, kuti mitu yonse isakhwime tsiku limodzi. Amaokera motalikana masentimita 30, amaphimbira nthaka ndi udzu kuti matope asadumphire pa masamba, salola bedi kuuma, ndipo nyengo ikayamba kutentha amaika mthunzi. Amadula mbandakuca, dzuwa lisanagunde masamba, n'kuwanyamula m'kreti osati m'thumba lopanikiza. Zonsezi zili m'makope anu, koma munthu amene walawa letesi wowawa wa m'dimba lake saziiwala.

Cifukwa cacitatu ndico colemera koposa, ndipo apa tikupempha kuti mumve mofatsa. Walira mvula walira matope. Repu, cibwabwa ndi bondwe zimadutsa pamoto, ndipo moto umafafaniza zolakwa zambiri za mlimi. Letesi sadutsa pamoto. Cimene cinagwera pa tsamba m'dimba cimatha kufika m'mimba mwa wakudya, pakuti ngakhale kutsuka sikucotsa tizilombo tonse. Tonse tikukumbukira mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023, pamene bwalo la National Heroes Stadium ku Lusaka linasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa kumayambiriro kwa 2024. Matenda otere amayenda m'madzi ndi m'zakudya zimene zakhudzana ndi cimbudzi ca munthu.

Coco mlimi wa letesi ali ndi malamulo amene sayenera kuwaphwanya. Asathirire ndi madzi a m'ngalande za m'tauni, kapena a pa citsime coyandikana ndi cimbudzi kapena khola. Pothirira aloze pa tsinde, osati pa masamba. Ndowe zaziwisi za ng'ombe ndi zitosi za nkhuku zisalowe m'bedi la letesi; zipse kaye pa mulu wa kompositi mpaka zitasanduka dothi lakuda losanunkha. Malamulo a ulimi wosagwiritsa mankhwala ku United States amafuna kuti papite masiku 120 kucokera pamene manyowa aawisi athiridwa kufikira pokolola mbewu imene gawo lake lodyedwa limakhudza nthaka. Letesi amakhwima masiku amenewa asanakwane, kutanthauza kuti manyowa otere ayenera kulowa m'nthaka mbewu isanafesedwe n'komwe. Nkhuku ndi mbuzi zisaloledwe m'dimba. Ngati mwapopera mankhwala, werengani pa botolo masiku oyenera kudikira musanadule, ndipo muwakwanitse ngakhale wogula akuimba foni. M'khichini, sambani m'manja ndi sopo, tsukani masamba ndi madzi owiritsa atazizira kapena othira klorini, ndipo mpeni umene wadula nkhuku yaiwisi usayandikire masamba. Ophika ena amagwiritsa dzira laliwisi kapena longofunditsa pokonza msuzi wa saladi iyi. Ife tasankha lowiritsa, cifukwa dzira laliwisi lingakhale ndi tizilombo ta Salmonella, toopsa makamaka kwa ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala. Ndipo kukabuka kolera m'dera lanu, masamba onse aphikidwe mpaka mliri utatha.

Apa ndi pamene mbale ya pakhomo imakumana ndi cikumbumtima. Wodya letesi wathu m'tauni sitidzamuona nkhope. Akadwala, sadzadziwa dimba limene matenda ake anacokera, ndipo palibe amene adzatifunse. Nkosavuta kunyalanyaza munthu amene sitimuona. Koma mlimi amene akudziwa kuti mitu iwiri ya m'bedi lomwelo idzadyedwa ndi ana ake Lamulungu masana, amaganiza kawiri asanatunge madzi pa cithaphwi. Lamulo lokonda mnzathu monga tidzikondera tokha, pa nkhani ya letesi limatanthauza kuti cimene sitingapatse mwana wathu cosaphika tisacigulitse kwa mwana wa wina.

Cilungamo comweco cifike ndi pa dzina. Ngati ena mwa inu mudzatsegula malo odyera, musalembe kuti saladi ya Caesar pa mbale imene mulibe chizi, pakuti mlendo wodziwa adzayembekezera Parmesan. Muuzeni kuti muli kapenta ndi nshawa, makamaka popeza pali anthu ena amene nshawa zimawadwalitsa koopsa. Mbale yokoma ingathe kuima pa dzina lakelake.

Pempho lathu kwa inu ophunzira, ndi kwa inu abale ndi alongo amene munatsiriza maphunziro kale, ndi ili. M'nyengo yozizira ikubwerayi, pokolola letesi woyamba, patulani mitu iwiri yabwino, osati yokanidwa ku msika. Ikonzeni monga tafotokozera, mudye pamodzi ndi banja lonse, agogo ndi ana omwe. Ena adzaseka, ndipo mwina wina adzapempha nsima pambuyo pake. Mumuphikire, palibe mlandu. Koma mverani cimene lilime lidzakuuzani: ngati muli mcenga, ngati muli kuwawa, ngati tsamba lafota. Mawa lake mupite naco ku dimba, mukakonze.