Botolo la Chiponde Nalonso Lifuna Chikuto

Makwaya a kuno kum'mawa anadziwa kalekale chinthu chimene ife alimi tikuchedwa nacho. Kwaya ikajambula nyimbo n'kufuna zimbale makumi asanu zokha, sinkapita ku Lusaka kukasindikiza zikuto chikwi. Chikuto cha CD ndi masentimita 12 mbali zonse, ndipo ziwiri zimakwana papepala limodzi la A4. Mapepala 25, lumo lakuthwa ndi rula, ntchito yatha. Lero nyimbo zasamukira m'mafoni, koma luso limenelo tisalitaye, pakuti botolo la chiponde, la uchi kapena la mafuta a mpendadzuwa nalonso lifuna chikuto chake.

Maganizo athu ndi awa: amene mukupanga mabotolo ochepa, sindikizani nokha timapepala tomata, pang'onopang'ono, molingana ndi zimene mwapanga sabata imeneyo. Osindikiza aakulu amatsitsa mtengo pokhapokha mukaitanitsa zambiri, ndipo mlimi wa ku Sinda kapena ku Vubwi akatero amakwirira m'katoni ndalama imene ikanagula nshawa. Akasintha kukula kwa botolo kapena nambala ya foni, katoni yonseyo yasanduka chakudya cha chiswe.

Chifukwa chachikulu si mtengo ayi. Ndi tsiku. Nshawa zosauma bwino zimachita chuku, ndipo chukucho chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin, amene saoneka ndi maso, satha ngakhale mukazinge, ndipo amawononga chiwindi. Tiyerekeze kuti wogula pamsika wa Katete wabweza botolo akudandaula. Ngati kapepala kali ndi tsiku lopangira ndi nambala ya ulendo umene munagaya, mutsegula buku lanu, muona thumba limene nshawazo zinachokera, ndipo muchotsa mabotolo a ulendo umenewo okha. Ngati palibe, mutaya onse, kapena, chimene chili choipitsitsa, mungokhala chete n'kupitiriza kugulitsa. Wosindikiza yekha amasintha tsiku ndi nambala nthawi iliyonse popanda kulipira wina.

Ena akuti kapepala ka kunyumba sikangafanane ndi ka It's Wild!, dzina limene bungwe la COMACO limagulitsira chiponde, uchi ndi mpunga wa ku Chama m'masitolo aakulu. Akunena zoona, ndipo sitikupikisana nawo. Wogula wathu akufuna kuwerenga zinthu zochepa: m'botolo muli chiyani, mwathira mchere kapena shuga, kulemera kwake, wapanga ndani ndipo akhala kuti, komanso chidyedwe lisanafike tsiku liti. Zilembo zakuda zazikulu papepala loyera zimakwanira. Maluwa ndi zithunzi zimangomwa inki.

Pa makina pali posankha. Printa ya inki imadya magetsi ochepa, moti sola yapanyumba imaiyendetsa, ndipo amene anaona kuzimazima kwa magetsi mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, adziwa phindu lake. Vuto lake n'lakuti inki yambiri imasungunuka ikakhudza madzi, choncho kutani kapepalako ndi selotepi yotakata. Makina a laser ndi a fotokope amawotchera ufa wakuda papepala, ndipo zilembo zake sizisungunuka, koma amafuna magetsi amphamvu. Amene mulibe printa, konzani tsamba limodzi la timapepala 8, musiye malo a tsiku, mukachite fotokope paboma, tsikulo muzilemba ndi cholembera chosafufutika.

Chimodzi tikukaniza: musajambule chizindikiro cha ZABS kapena cha bungwe lililonse limene silinayeze katundu wanu, ndipo musalembe kuti uchi wanu umachiza matenda. Printa imalemba chilichonse chimene mwaiuza, koma dziko lili ndi lamulo la chitetezo cha zakudya la 2019, ndipo dzina lili pabotolopo ndi lanu. Musanayambe kugulitsa, kaonaneni ndi a zaumoyo ku khonsolo ya boma lanu, mutatenga botolo limodzi lomata kale.