Mzungu wa pa esiteti apereke mpando, osati chifundo chokha

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndilankhulepo pa nkhani imene yafala m'makampani masiku ano, yakuti pantchito pasakhale tsankho: mayi ndi bambo, wakuda ndi woyera, onse apatsidwe mwayi wofanana. Funso langa ndi lakuti, nanga azungu aamuna, amene kuyambira kale akhala pa mipando yapamwamba m'maesiteti a tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo, mbali yawo ndi yotani?

Kwa ife a kuno ku Phalombe nkhaniyi si ya kutali ayi. Makolo athu Achilomwe atachoka ku Mozambique anafikira pa thangata m'minda ya azungu. Lero mvula ikagwa, chimanga chisanache, alongo athu ndi ana athu ndiwo amapita kukathyola tiyi. Ambiri amalembedwa ntchito ya nyengo yochepa, ndipo kuti dzina lako lilembedwenso zimadalira kwambiri mawu a kapitao. Apa ndiye pagona vuto. Munthu amene chakudya cha ana ake chili m'kamwa mwa mwamuna mmodzi sangathe kunena kuti toto momasuka.

Mu February 2021 kampani ya ku England ya Camellia, imene mwa nthambi zake muli Eastern Produce Malawi, inagwirizana zolipira mapaundi 2.3 miliyoni, kuphatikizapo ndalama za maloya, pa mlandu wa amayi 36 amene anakadandaula kukhoti la ku London kuti ankagwiriridwa ndi kuzunzidwa pantchito. Kampaniyo sinavomere kulakwa, koma inalonjeza maphunziro a utsogoleri kwa amayi ndiponso kuika amayi oyang'anira chitetezo cha anzawo m'maesiteti ake.

Akonzi, taonani bwino. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi tinali nalo kale kuyambira 2013, ndipo limaletsa nkhanza zotere pantchito. Nanga bwanji amayiwa anachita kukafuna chilungamo kutsidya kwa nyanja? Yankho langa ndi lakuti kumeneko n'kumene kuli thumba. Mwini thumba atagwedezeka, zimene zinkaoneka zosatheka zinatheka. Choncho mzungu asanene kuti izi ndi za Amalawi okhaokha poti kapitao ndi Mmalawi. Amene amasainira malipiro ndi kukweza anthu pantchito ndiye ayenera kuyankha.

Azibusa amene mukuwerenga kalatayi, mbiri ya mpingo ili ndi phunziro pa nkhaniyi. M'busa David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre, yemwe anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pamodzi ndi amisiri achikuda, anali mzungu woona patali. M'zaka za m'ma 1890 anaika Aafirika kukhala madikoni nawapatsa ntchito yeniyeni, ena mpaka kuwatumiza kukatsegula malo atsopano a mishoni. Azungu anzake ambiri, a m'minda ndi ena a m'mishoni momwemo, sanakondwe nazo. Iye atachoka mu 1898 liwiro lija linazilala, ndipo abusa oyamba achikuda a mishoniyo, a Harry Matecheta ndi a Stephen Kundecha, anadzozedwa mu 1911. Zaka 13 zathunthu! Mtima wabwino wa mzungu mmodzi unakwera naye sitima.

N'chifukwa chake ine sindikhutira ndikamva kuti bwana wakutiwakuti ndi wachifundo, amapereka moni m'Chichewa, amabwera kumaliro. Zonsezo n'zabwino, koma bwana amasamuka. Chimene chimatsala ndi chimene chinalembedwa: kuti wothyola tiyi wa zaka zambiri alembedwe ntchito yokhazikika, kuti dandaulo la mayi lisadzere kwa kapitao yemwe akumudandaulayo, kuti pa mpando wa manijala pakhale Mmalawi, mayinso akhalepo, ali ndi mphamvu pa ndalama osati dzina lokha.

Ndisaiwale abale anga amene mwalowa kale m'maofesi a azungu aja. Kumudzi timakutchulani kuti "azungu athu", ndipo si nthabwala chabe. Ngati munalandira mpando n'kutseka chitseko kuti mlongo wanu asalowe, funso lomwe ndafunsa azunguli likukhudzani inunso.

Pempho langa likupita ku bungwe la Tea Association of Malawi. Esiteti iliyonse chaka ndi chaka izipachika pachipata chiwerengero cha akapitao ndi mamanijala, angati amayi, angati abambo, angati Amalawi, ndiponso madandaulo angati analandiridwa ndipo anatha bwanji. Zilembedwe m'Chichewa kuti ife a ku Migowi, Chiringa ndi Nkhulambe tikamaperekeza ana athu tizidziwerengera tokha.

Wokhudzidwa,
Migowi, Phalombe.