Khomo la unamwino likumatsekedwa mu Fomu 3

Mwana wa mchemwali wanga anakhoza mayeso a MSCE ndi mapointi 21. Kumudzi kunali nthungululu, mbuzi inagwa, ndipo agogo ake anayambiratu kumuitana kuti "anamwino". Patadutsa miyezi iwiri, tinakhala pakhonde kuti tilembe kalata yofunsira malo kusukulu ya unamwino. Titafika pamzere wa Physics ndi Chemistry, cholembera chinaima. Pomwe iye ankalowa Fomu 3, CDSS yomwe ankaphunzirako inalibe mphunzitsi wa maphunziro awiriwa, ndiye kalasi lonse linangouzidwa kuti litenge maphunziro ena. Palibe yemwe anamuuza kuti tsiku limenelo unamwino wamuthera.

Timakonda kunena kuti ana a masiku ano ndi aulesi, akungokhalira foni. Pankhani iyi ndikukana. Mwanayu ankawerenga ndi tochi mpaka nkhuku kulira. Amene anamulakwira ndi akuluakulu, ndipo akuluakulu omwewo akulakwira ana ena chaka ndi chaka popanda wowafunsa.

Sukulu zosula anamwino sizibisa zomwe zimafuna. Kaya ndi ku KUHeS, yomwe inabadwa mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, kaya ku Mzuzu University, kaya kumakoleji a mishoni monga Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Mulanje Mission ndi St Luke's ku Malosa, maso awo amathamangira pa Biology, Physics, Chemistry, masamu ndi Chingerezi. Mapointi okongola opanda sayansi sakufikitsa kumeneko. Zimenezi zimalembedwa m'nyuzipepala nthawi yoitana ophunzira. Koma ndani amawerengera mwana wa Fomu 2 nyuzipepala imeneyo? Iye amasankha maphunziro ali ndi zaka 15 kapena 16, nthawi zambiri potsatira mnzake wapamtima kapena pothawa mphunzitsi waukali. Alendo odzalankhula za ntchito zam'tsogolo, akabwera n'komwe, amabwera mu Fomu 4 mayeso atatsala pang'ono. Apo madzi amakhala atatayika kale.

Pali chinthu china chomwe aphunzitsi aakulu ena safuna kuti chinenedwe. Mwana akaoneka wofookerapo m'masamu, amamukankhira kunja kwa kalasi la sayansi kuti chiwerengero cha okhoza pasukulupo chisatsike. Zotsatira zikatuluka, sukulu imaomberedwa m'manja, mphunzitsi wamkulu amayamikiridwa, mwana uja n'kutsala ndi satifiketi yosatsegula khomo lomwe ankafuna. Kumeneku ndi kugulitsa tsogolo la mwana pogula mbiri ya sukulu.

Ndiye palinso sukulu zomwe zimaphunzitsa sayansi ya pabolodi. Ana ambiri a sekondale m'dziko muno ali m'ma CDSS, ndipo zambiri mwa sukuluzi zilibe labotale. Mphunzitsi amajambula maikulosikopu ndi choko, n'kufotokoza ndi pakamwa mtundu womwe madzi asinthire ukathiramo mankhwala. Mwana amakaona zipangizo zenizeni pafupi ndi tsiku la mayeso, manja akunjenjemera. Koma MANEB imamupatsa pepala lomwelo lomwe ikupatsa mnzake wa kusukulu yogonera komweko, yemwe wakhala akugwira zipangizozo kuyambira Fomu 1. Kenako timati mpikisano unali wachilungamo.

Vutoli si la unamwino wokha; za mano ndiye n'zomvetsa chisoni kwambiri. Mpaka mu 2019, Mmalawi wofuna kukhala dokotala wa mano ankayenera kukaphunzira kunja, ndipo dziko lonse linali ndi madokotala a mano osakwana 50, pomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo oposa 17 miliyoni. Mu 2019 momwemo College of Medicine inatsegula maphunziro a digiri ya mano mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Komanso kwa zaka zambiri Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe yakhala ikusula akatswiri omwe amazula ndi kumata mano m'zipatala za m'maboma. Pitani pa CDSS iliyonse, mufunse ana a Fomu 2 kuti ndani anamvapo zimenezi. Amadziwa kuti dzino likawawa munthu amadzuka m'mamawa kukaima pamzere kuchipatala, kapena amapita kwa wina wake kumsika. Zoti iwonso angathe kukhala amene agwira chozulira sizinawafikepo m'khutu.

Ndikudziwa zomwe ena ayankhe: tivutikirenji, poti anamwino omaliza maphunziro ali pakhomo kudikira kuti boma liwalembe ntchito? N'zoona, ndipo bungwe la anamwino ndi azamba la NONM lakhala likudandaula za zimenezi. Koma umenewo ndi mlandu wina wa boma lomwelo, ndipo mlandu sutha poonjezerapo unzake. Pachipatala chaching'ono chakumudzi namwino mmodzi amachiritsa amayi usiku, m'mawa n'kumayeza ana kusikelo asanatseke ndi diso lomwe. Kusowa kwa anamwino kulipo. Ndipo amene angapirire kukhala kumalo kopanda magetsi ndi msewu wabwino kawirikawiri ndi mwana wobadwira komweko, yemweyu tikumutsekereza panja mu Fomu 3.

Ku Unduna wa Zamaphunziro sindikupempha zakumwamba. Sukulu isaloledwe kuchotsa Physics ndi Chemistry mwakachetechete. Ngati mphunzitsi palibe, makolo auzidwe poyera pamsonkhano, ndipo undunawo uyankhe kuti atumizidwa liti. Pomwe sukulu ina yapafupi ili ndi labotale, ana a CDSS azikalowamo ngakhale kawiri pateremu. Namwino wa pachipatala chapafupi aitanidwe kudzacheza ndi ana a Fomu 2, osati a Fomu 4. Zimenezi sizilira ndalama za abwenzi akunja.

Mwana wa mchemwali wanga uja pano ali pasukulu yamadzulo, kuyambira pachiyambi maphunziro awiri aja kuti adzalembenso mayeso. Fizi yake tikusonkherana pabanja.

Inu makolo amene mwana wanu ali mu Fomu 2, musadikire lipoti lakumapeto kwa chaka. Pitani kusukulu teremu ino, mukafunse mphunzitsi wamkulu ngati Fomu 3 ya chaka chamawa idzakhale ndi Physics ndi Chemistry, ndipo akutchulireni dzina la amene adzaphunzitse.