Podophyllin ndi utomoni wa chomera, koma si wodzipaka nokha

Pali mawu amene ali m'kamwam'kamwa pakati pa anthu ovutika ndi njerewere za kumaliseche. Akuti podophyllin ndi utomoni wa chomera, choncho sungapweteke munthu: ungoupeza, n'kumadzipaka kunyumba mpaka matenda atheretu. Chimene chikuwapatsa mphamvu mawuwa ndi manyazi okavula pamaso pa dokotala. Manyaziwo tikuwamvetsa, koma mawuwo ndi abodza.

Zoti umachokera ku chomera n'zoona. Amautenga ku mizu ya Podophyllum peltatum, chomera cha ku North America, komanso ku mtundu wina umene umamera kumapiri a Himalaya. Dokotala Kaplan wa ku New Orleans ndi amene analemba mu 1942 kuti umafotetsa njerewerezi. Komatu mwabvi nawonso unali khungwa la mtengo, ndipo makolo athu ankadziwa kuti umapha.

Utomoniwu umaletsa maselo kugawikana, njerewere n'kuuma, n'kuthothoka. Vuto lake ndi loti susankha: khungu labwino nalo umalitentha mpaka kuchita zilonda. N'chifukwa chake kuchipatala wopaka ndi dokotala kapena namwino. Amayamba wateteza khungu lozungulira ndi Vaseline, kenako amadontheza panjerewere pokha, osapitirira 0.5 ml pa ulendo umodzi. Wodwala amautsuka pasanapitirire maola 4, ndipo amabwerera pakatha sabata. Kodi munthu amene wadzitsekera kubafa ndi kabotolo kopanda chizindikiro angayeze bwanji zonsezi?

Ukachuluka, kapena ukagwera pachilonda, umalowa m'magazi. Zotsatira zake ndi kusanza, dzanzi m'manja ndi m'miyendo, kuchepa kwa magazi, ngakhale kukomoka kumene. Kwa mayi woyembekezera ndi woletsedwa kotheratu chifukwa mwana atha kufera m'mimba. Mu 2015 bungwe la CDC ku America linauchotsa pamndandanda wa mankhwala amene limalimbikitsa, poona kuti pali njira zina zosaopsa motero, monga kuumitsa njerewere ndi mpweya wozizira kwambiri kapena kupaka trichloroacetic acid.

Bodza lachiwiri ndi loti umazula matenda. Njerewerezi zimabwera ndi kachilombo ka HPV, ndipo pa anthu 10 aliwonse amene ali nazo, pafupifupi 9 amakhala ndi mtundu 6 kapena 11. Utomoni umachotsa chotupa chooneka ndi maso, kachilombo n'kutsala m'khungu. Kuli ngati kutchetcha udzu mizu ili pansi. Zikameranso, wodzipaka uja amaganiza kuti anachepetsa mankhwala, ndiye amawonjezera. Ngozi imayambira pamenepo.

Komanso si chotupa chilichonse cha kumaliseche chimene chili njerewere. Chindoko nacho chimatulutsa totupa tofanana nazo, ndipo mankhwala ake ndi jakisoni wa penicillin. Wodzipaka utomoni amatentha khungu pachabe, chindoko chikumudya m'kati. Kuchipatala amayeza magazi, amaona za HIV, ndipo amayi amawayezanso khomo la chiberekero, poti mitundu 16 ndi 18 ya HPV ndi imene imayambitsa khansa yambiri ya pamenepo. Katemera woteteza ku HPV anayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse la Malawi mu 2019.

Inu amene muli ndi kabotoloko m'thumba, musakatsegule. Pitani nako kuchipatala, mutengane ndi mnzanu wogonana naye, ndipo ngati muli oyembekezera munene msanga asanakupakeni chilichonse. Anamwino njerewerezi aziona kambirimbiri, sadzadabwa ndi zanu.