Mukufuna Chingerezi, koma ndani akumvetsera ana a ku Chiringa?

Inu a ku Unduna wa za Maphunziro, lamulo la maphunziro la 2013 linati ana aziphunzitsidwa m'Chingerezi, ndipo mu 2014 nduna Lucious Kanyumba inalengeza kuti zimenezi ziyambire Sitandade 1. Tsono tiuzeni. Mwana wa ku Chiringa, kunsi kwa phiri la Michesi, amene pakhomo amamva Chichewa ndi Chilomwe cha agogo, Chingerezicho amachimva pakamwa pa yani? Pa wailesi iti? Kwa mphunzitsi uti, poti aphunzitsi ambiri nawonso anachitola m'buku?

Musanene kuti anawa ndi aulesi. Chichewa chili ndi mavawelo 5 okha, Chingerezi chili ndi oposa 10. N'chifukwa chake kwa mwanayu "ship" ndi "sheep" zimamveka chimodzimodzi. Kwa ife l ndi r sasintha tanthauzo la mawu, choncho mtsikana akati anene "pray" amatulutsa "play", kalasi yonse n'kufa nacho chiseko. Mawa lake sakwezanso dzanja. Amangolemba, mutu uli pansi, mpaka Folomu 4.

Zonsezi zimatheka kuphunzitsa. Nanga pa Phalombe TTC, mphunzitsi wa mawa amathera maola angati akuphunzira katchulidwe ka mawu ndi makutu ake? Amene amamumvetsera akulankhula asanapatsidwe kalasi ndani? Ndipo m'kalasi ya ana odzaza mpaka pakhomo, mwana mmodzi amapeza mphindi zingati zotsegula pakamwa payekha, osati kungobwereza mokuwa pamodzi ndi anzake?

Inu a MANEB, yankho mukulidziwa. Wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale akhoze Masamu ndi Biology bwanji. Koma mayeso anu a Chingereziwo ndi a pepala ndi cholembera basi. Chimene simuyesa, mphunzitsi wopanikizika ndi silabasi sachiphunzitsa. Mungatseke bwanji tsogolo la mwana ndi chiyankhulo chimene simunamumvepo akulankhula? Akapita ku intaviyu ku Blantyre lilime n'kuuma, mlandu ndi wa yani?

Sitikupempha kuti ana athu azilankhulira m'mphuno ngati a ku London. Amwenye ali ndi katchulidwe kawokawo, ndipo aliyense amakazindikira. Satya Nadella, wobadwira ku Hyderabad, akutsogolera Microsoft, pomwe Sundar Pichai akutsogolera Google, ndipo akalankhula kwawo kumadziwika. Chofunika n'choti womvera amve, wolankhula asachite manyazi.

Nanga bwanji m'masukulu ena mwana amalangidwabe akalankhula Chichewa, pomwe palibe amene wamuonetsa poika lilime kuti atchule "three"? Inu a ku Unduna, mu 2016 munayambitsa National Reading Programme kuti ana azidziwa kuwerenga. Zabwino. Pulogalamu yoti azilankhula ndi kumveka ili kuti? Mwaiikira ndalama zingati m'bajeti ya chaka chino, ndipo ku Chiringa ifika temu iti?