Ndege ya ku Ulongwe ndi Nkhondo Imene Sinabwere

Anthu a ku Luwawa ndi midzi yozungulira mapiri a Viphya amadziwa kulemera kwa tsiku limene ndege yasowa mumlengalenga. Pa 10 Juni 2024, ndege ya asilikali imene inanyamula Wachiwiri kwa Pulezidenti, Dr. Saulos Chilima, ndi anthu ena 8 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo inapezeka m'mawa mwake onse atamwalira. Ofufuza asanafike n'komwe pamalopo, manong'onong'o anali atafika kale pa Jenda, pa boma la Mzimba, ngakhale kwa achibale okhala ku Johannesburg. Ngati ndege yogwa tsiku la nkhungu imautsa mitima chotere, nanga ndege ya anthu wamba imene yachita kuomberedwa ndi asilikali a dziko lina?

Zoterezi zinawagwerapo Amalawi, ngakhale ambiri mwa achinyamata amene atsiriza sukulu zaka zino sanazimvepo. Pa 6 Novembala 1987, ndege yaing'ono ya Air Malawi, ya mtundu wa Skyvan, inanyamuka ku Blantyre kulunjika ku Lilongwe, koma sinafike. Asilikali a Mozambique anaiombera pafupi ndi tauni ya Ulongwe, m'boma la Angonia, chigawo cha Tete, ndipo anthu onse 10 amene anali m'katimo anafera pomwepo. Mphunzitsi amene ali ndi mapu angathe kuonetsa ana ake kuyandikana kwa malowa. Pakati pa Ntcheu ndi Dedza msewu waukulu umayenda m'malire enieni, kotero kuti munthu wogula kachewere pa Lizulu amalowa m'dziko lina pongooloka msewu. Mumlengalenga ndiye mulibe ngakhale chikwangwani.

Tsokali linagwa maiko awiriwa ali kale pa chidani. Mu Seputembala 1986, Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anabwera ku Blantyre kudzadzudzula Dr. Kamuzu Banda kuti dziko lake likufungatira zigawenga za Renamo, mlandu umene boma la Malawi linkaukana. Atabwerera kwawo, Machel ananena poyera kuti angathe kutseka malire ndi kuikamo mizinga yoloza ku Malawi. Pa 19 Okutobala chaka chomwecho, Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, m'dziko la South Africa, ndipo achinyamata okwiya anaphwanya ofesi ya Air Malawi ku Harare ndi ya kazembe wa Malawi ku Maputo. Tsono ndege ya Malawi itagwetsedwa patangopita chaka chimodzi, munthu amene anachita mantha kuti nkhondo yafika pakhomo sanali wamantha chabe.

Mantha amenewo anali ndi pochokera, ndipo anthu a ku Mzimba ankapadziwa bwino, pakuti ndi mabanja ochepa m'bomali amene analibe mwana kapena mlongo ku Salisbury, ku Bulawayo, kapena ku migodi ya kopa ya ku Zambia. Pa 3 Seputembala 1978, ndege ya Air Rhodesia yotchedwa Hunyani itangonyamuka ku Kariba ndi anthu 56, ankhondo a ZIPRA, gulu la Joshua Nkomo, anailasa ndi mzinga wonyamula paphewa wopangidwa ku Soviet Union. Anthu 38 anafa ndege itagwa, ndipo mwa 18 amene anapulumuka, 10 anaphedwa ndi mfuti pamalo a ngoziyo. Nkomo anavomera kuti anyamata ake ndiwo anagwetsa ndegeyo, nati inkagwira ntchito za nkhondo, koma anakana za kupha opulumukawo. Mlandu wopha apaulendo opanda zida, ena mwa iwo ana, sufafanizika ndi kulungama kwa nkhondo ya ufulu.

Koma chimene owerenga ayenera kuchiyang'anitsitsa ndi zimene zinatsatira. Masabata atatu okha ngoziyi isanachitike, Ian Smith ndi Nkomo anali atakumana mwachinsinsi ku Lusaka kufunafuna njira yothetsera nkhondo. Zokambiranazo zinafera m'tchire limodzi ndi ndegeyo. Azungu a ku Rhodesia anafuula kuti magazi abwezedwe, ndipo Smith anawamvera. Pa 19 Okutobala 1978 ndege zake zinaponya mabomba pa msasa wa Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, woyendetsa mmodzi akulamula bwalo la ndege la mzindawo kuti ndege za nkhondo za Zambia zisayerekeze kuuluka. Asilikali ena anathira nkhondo pa msasa wa Mkushi, kumene kunali atsikana ambiri a ZAPU. Akufa anawerengedwa m'mazana. Boma la Smith linati onsewo anali ankhondo, pamene ZAPU inati ambiri anali othawa kwawo.

Kodi kubwezeraku kunateteza apaulendo? Pa 12 Febuluwale 1979 ndege inzake, Umniati, inagwetsedwa itanyamuka pa bwalo lomwelo la Kariba, ndipo anthu onse 59 anatha. Kunatsatira kubwezera kwina: nyumba ya Nkomo mu Lusaka inaphwasulidwa mu Epulo, mlatho wa njanji ya TAZARA pa mtsinje wa Chambeshi unaphulitsidwa mu Okutobala, ndipo njira zobweretsera chimanga m'Zambia zinatsekeka. Walira mvula walira matope, koma matopewa anaponda anthu amene sanalire mvulayo, monga abale a anthu a ku Embangweni okhala tsidya la malire ku Lundazi, amene sanagwetse ndege ya munthu. Pamapeto pake Smith, Nkomo ndi Mugabe anakakhalabe pansi ku Lancaster House, mu London, ndipo pangano linasainidwa mu Disembala 1979. Anabwerera ku zokambirana zimene anazisiya, atangoonjezera manda.

M'chaka cha 1987 Malawi anali ndi mlandu womveka. Zaka 3 m'mbuyomo, ndege ya ku South Korea itagwetsedwa ndi Soviet Union mu 1983 ndi kupha anthu 269, bungwe la maiko loona za maulendo a pandege linali litalemba lamulo lakuti dziko lisagwiritse ntchito zida pa ndege ya anthu wamba, ngakhale italowa m'malire ake. Komabe palibe msilikali wa Malawi amene anatumidwa ku Ulongwe kukabwezera, ndipo malire sanatsekedwe.

Kudekhaku sikunachokere ku chifundo chokha, atsogoleri anawerengera. Njanji za ku Beira ndi ku Nacala zinali zitadulidwa ndi nkhondo ya Renamo, ndipo fodya, tiyi, feteleza ndi mafuta zinkazungulira ulendo wautali wa ku Durban pa mtengo wowawa. Mu Disembala 1986 maiko awiriwa anali atasainirana pangano la chitetezo, ndipo m'chaka chomwe ndege inagwetsedwacho asilikali a Malawi anali kale m'dziko la Mozambique, kulondera njanji ya Nacala mbali imodzi ndi asilikali a boma limene anyamata ake anaombera Skyvan. Kumenyana ndi Maputo kukanakhala kudzitsekera yekha khomo la kunyanja. Kunalinso othawa nkhondo, amene ankalowa tsiku ndi tsiku ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza, mpaka chiwerengero chawo chinafika pa miliyoni imodzi. Ambiri a ku Angonia ankalankhula Chichewa chomwechi, ndipo anakhala m'midzi ya achibale awo. Bomba loponyedwa ku Ulongwe likanagwera amalume a munthu wa ku Lizulu.

Pali chowawa chimene sichiyenera kubisika. M'masiku a chipani chimodzi, nyuzipepala ndi wailesi zinkanena zokhazo zimene boma lalola, motero kunalibe bwalo limene ofedwa akanafunsirapo poyera kuti ndani analamula kuombera, ndiponso chifukwa chake. Mtendere unasungidwa, koma mabanja 10 anasenza mtengo wake mwakachetechete. Mu Julayi 1988 Joaquim Chissano, amene analowa m'malo mwa Machel, anadzacheza ku Malawi nalandiridwa ndi ulemu wonse. Pa 4 Okutobala 1992 boma la Mozambique ndi Renamo anasainirana mtendere ku Rome, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira othawa nkhondo anasenza mitolo yawo kubwerera kwawo, ena a iwo kulowera ku Ulongwe komweko.