ZA MALONDA: MZINDA WAUKULU SINDIWO PHINDU LALIKULU

Wamalonda wa ku Katete, Petauke kapena Lundazi akaona kuti nchito yake yayamba kukula, mtima wake umathamangira ku Lusaka. Cifukwa cake cimakhala cimodzi: kumeneko kuli anthu ambiri. Izi nzoona, pakuti kalembera wa mu 2022 anapeza anthu opitirira 2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha. Koma cifukwa cimodzi sicikwanira kuti munthu asamutse cuma cimene wacivutikira zaka zambiri. Mbiri ya mafakitale a dziko lino ili ndi phunziro kwa munthu wotere.

Dziko litalandira ufulu, Boma linamwaza mafakitale m'zigawo kuti nchito isaunjikane malo amodzi. Mu 1972 fakitale yolumikiza magalimoto a Fiat inatsegulidwa ku Livingstone, mzinda wa pa njanji, pakhomo polowera katundu wocokera kumwera. Mu January 1973 Ian Smith anatseka malire a Rhodesia, ndipo njanjiyo sinanyamulenso katundu wa Zambia kufikira mu 1978. Mzinda umene unali pakhomo unasanduka wa kumapeto kwa njira. Katundu wodzera ku Dar es Salaam anayenera kudutsa dziko lonse kuti akafikeko.

Ku Chipata kunali fakitale ya njinga ya Luangwa Industries. Ogula anali pafupi, popeza anthu a kum'mawa ndi njinga salekana. Koma zitsulo zambiri zinali kucokera kunja, mtunda wocokera ku Lusaka ndi makilomita oposa 550, ndipo njanji inafika ku Chipata mu 2010 mokha. Pamene Boma linali kucinga katundu wakunja, fakitaleyo inapirira. Malonda atamasulidwa pambuyo pa 1991, njinga zochipa zinadzaza m'masitolo, nchito ndi kuzilala.

Nkhani ya Nakambala ku Mazabuka ndi yosiyana. Makina ofinya nzimbe anayamba nchito kumeneko mu 1968. Nzimbe zimamera pomwepo, madzi othirira amacokera mu mtsinje wa Kafue, njanji ndi mseu zimadutsa pafupi. Maboma asintha, malamulo a malonda asintha, koma shuga akali kupangidwa.

Tsono zifukwa zosankhira mzinda zili za mitundu iwiri. Zina nzozikika m'nthaka: madzi, mbeu, mseu, ogula okhazikika. Zina zili m'manja mwa munthu wina, amene angazicotse tsiku limodzi: malire, lamulo la msonkho, lonjezo la ofesi, kasitomala mmodzi wamkulu. Wamalonda wanzeru ayenera kulemba zifukwa zake zonse pa pepala, nafunsa pa cifukwa ciriconse kuti, kodi cimeneci cikacoka mawa, nchito idzatsala?

Mwacitsanzo, woyenga mafuta a mpendadzuwa ku Katete ali ndi mbeu pakhomo. Mafuta otuluka m'thumba la mbeu safika ndi theka lomwe la kulemera kwake. Akasamutsira makina ku Lusaka, adzalipira lole yonyamula thumba lathunthu m'malo mwa mafuta okha. Adzaonjezapo lendi ya mumzinda, anchito atsopano osadziwa makina ake, ndi makampani akuluakulu amene anagwira kale msikawo. Kwa iyeyu ncapafupi kusiya makina kumudzi, natumiza mafuta. Koma wogulitsa zitsulo za magalimoto, amene katundu wake amayamba wafika ku Lusaka ndipo ogula ake ambiri ali komweko, angakhale ndi cifukwa comveka cosamukira.

Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Wofuna Lusaka ayambe watsegula kasitolo kakang'ono ku Kamwala, nchito ya kwao ikali kuyenda, ndipo awerengere ndalama zolowa ndi zotuluka kwa caka cathunthu. Mabuku akavomera, asamuke. Akakana, adzakhala atataya lendi ya caka cimodzi, osati thukuta la moyo wake wonse.